Kuchokera ku Zomba kukadyetsa apusi a ku Lingadzi

Lamulungu, 17 Novembala 2024, Zomba mpaka Lilongwe

Ndinalawirira kudakali mdima chifukwa masiku ano ulendo suyendera nthawi, mafuta akusowa dziko lonse. Pa depoti panali minibasi imodzi yokha yoitanira Lilongwe, ndipo kondakitala anati K25,000, osachotsera. Nditayamba kunenerera anandilozera mzere wa magalimoto amene anagona pamalo omwetsera mafuta. "Asisi, pa pampu alemba K2,530 lita imodzi, koma pampuyo ndi youma. Ife tikugula a m'zigubu." Ndinalipira, ndipo tinadikira kuti idzaze mpaka dzuwa linayamba kuwotcha pa zenera.

Ndatenga tchuthi kuntchito kuti ndikathandize ku Lilongwe Wildlife Centre, malo amene amalandira nyama zakutchire zolandidwa kwa ogulitsa, zovulala m'misampha ndi zamasiye. Asanandivomere anati ndiyezetse kaye chifuwa chachikulu, chifukwa matendawa munthu amapatsira nyani mosavuta. Kapepala ka kuchipatala kali m'chikwama limodzi ndi magambuti obwereka.

Pa Liwonde kunali kutentha kosaneneka, namasupuni atadzaza m'mbali mwa Shire. Pa Chingeni, pomwe msewu wathu umakumana ndi M1, anakwera bambo ena achikulire, khasu latsopano atalikulunga m'thumba la feteleza. Anakhala pambali panga, tinapatsana moni, nkhani n'kuyamba. Nditawauza kumene ndikupita anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwananga, ndiye mwachoka ku Zomba konse kukaphikira anyani? Kwathu kumapiri a ku Ntcheu chimanga chinapsa ndi dzuwa, kochepa kamene kanapulumuka anyani ndiwo anakolola. Adzukulu anga ankajomba kusukulu kulondera munda."

Sanali kunena mwachipongwe. Chaka chino mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala, ndipo m'midzi yambiri nkhokwe zinatha kalekale. Ndinawayankha kuti nyama za kumeneko n'zimene anthu tinachita kuzichotsa kutchire, koma ndinamva ndekha kuti yankholo silinafike pa munda wawo. Anangoti, "Chabwino, mukaone, mudzatiuze."

Iwo amatsikira pa Lizulu, paja msewu ndiwo malire, uku Malawi uko Mozambique. Inenso ndinatsika kuti ndigule kabichi ndi karoti zokapereka kumalowo. Bambo aja anaima pambali panga kundinenerera mitengo mpaka thumba lonse linatsika kuchoka pa K15,000 kufika pa K11,000, nalinyamula okha kukalikweza. Kenako anandigulira kambale ka masuku ndi ndalama yawo, nati amenewa ndidye ine.

Ndafika ku Kawale kwa azakhali kutada, msana ukupweteka. Wa njinga yamoto kuchokera ku depoti anatenga K3,000 chifukwa cha thumba.

Lolemba, 18 Novembala, msewu wa Kenyatta

Msewu uwu ndinaudziwa uli ndi mitengo mbali zonse. Anaukuza kukhala wa mizere 6, ndipo mitengo yambiri inagwa. Koma ukangokhota kulowa pageti la malowa, phokoso la mzinda limatsalira kumbuyo. Nkhalangoyi ili pakati penipeni pa Old Town ndi City Centre, mtsinje wa Lingadzi ukudutsa mkati, ndipo m'mphepete mwake muli zikwangwani zochenjeza za ng'ona. Ng'onazo palibe anazibweretsa, ndi eni mtsinje.

M'mawa wonse unali wa malamulo. Achimwene amene amayang'anira anyani, munthu wosachulutsa mawu, anatiimika tonse atsopano pamthunzi. "Nyama simuigwira, simuilankhula. Nyani simumuyang'ana m'maso, kwa iye kumeneko n'kuputa ndewu. Polowa ndi potuluka pa khola lililonse mupondetse magambuti m'beseni la mankhwala." Mtsikana wina wochokera ku Ulaya anafunsa ngati angajambulitse atanyamula kamwana ka pusi. Anamuyankha mwaulemu kuti chithunzi chotero chikafika pa Facebook, mawa wina akaimitsa galimoto pamsewu kugula wakewake.

Kenako kukhitchini, komwe ntchito yanga yaikulu ndi thabwa ndi mpeni. Maungu, mbatata, kabichi, mango, nthochi, chimanga chonyika, mazira owiritsa. Gulu lililonse lili ndi ndowa zake ndi muyezo wake wolembedwa pakhoma, ndipo zonse zimadutsa pa sikelo. Zidutswa ziyenera kukhala zing'onozing'ono koma zambiri, chifukwa mukapereka zikuluzikulu zochepa, amphamvu a m'gulu amalanda zonse, ofooka ndi ana n'kugona ndi njala. Pa chifukwa chomwecho chakudya sichiunjikidwa pamodzi. Amachimwaza mpanda wonse, china m'udzu, china m'mphanda za mitengo, kuti aliyense achite kufunafuna monga akachitire kutchire. Palinso apusi a m'nkhalango momwemo, osasungidwa ndi munthu, amene amadziwa bwino ola la chakudya. Wilibala ukangoisiya pang'ono, mango apita.

Kabichi wa ku Lizulu anamulemba m'buku la zopereka, ndipo pofika masana anali atatha. Thumba lonse lija silinakwane ngakhale chakudya cha tsiku limodzi. Mpaka pano ndikuwerengerabe m'mutu kuti ndiye pa mwezi pamalowa matumba angati. Mkono wamanja ndi wolemera, ndagona osasamba n'komwe madzi amene azakhali ananditenthetsera.

Lachiwiri, 19 Novembala

Lero ndaopa. Tinapita kukakolopa zipinda zogona za anyani akuluakulu. Amayamba awatsekera kubwalo, kenako anthu awiri amatsimikiza maloko, wina akatha wina abwereze. Ndili mkati ndi tsache ndi ndowa, nyani wamphongo anabwera pa waya, nayasamula kundionetsa mano aatali ngati chala changa. Miyendo inanjenjemera. Ndinayang'ana pansi monga anatiuzira ndi kupitiriza kukolopa, mtima ukugunda kukhosi. Achimwene aja anati, "Mwachita bwino asisi, akungokuyesani."

Masana tinakadula nthambi za masamba zoti azikakudzula ndi kutafuna, nyerere zoluma zikugwera m'khosi. Pomwaza nthambizo ndinaona nyani wamkazi amene m'chiuno mwake mulibe ubweya, chipsera chozungulira thupi lonse. Anam'manga chingwe ali mwana, iye n'kumakula, chingwe osamasulidwa, mpaka chinalowa m'mnofu. Ambiri a kuno anabwera choncho. Ndili mwana ku Chinamwali, panyumba ina panali pusi womangidwa pa mtengo wa mapeyala, ndipo ana ankasonkhana kumuputa kuti akwiye. Palibe wamkulu amene ankaonapo cholakwika.

Kamwana ka pusi sikapezeka kokha. Kamakakamira pamimba pa make usana ndi usiku, ndiye kuti munthu akatenge, mayiyo ayenera kufa kaye, kaya ndi agalu, msampha kapena uta. Ogula ambiri amati akukapulumutsa, koma ndalama imene apereka ndi yomwe imabweza wogulitsa kutchire. Kakakula n'kuyamba kuluma ana a m'nyumba, m'pamene amaimba foni kuti bwerani mudzatenge. Lamulo la nyama zakutchire linakonzedwanso mu 2017, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Mu 2021 khoti la ku Lilongwe linagamula Lin Yunhua, nzika ya dziko la China, zaka 14 pa mlandu wa nyanga za chipembere, nkhani inamveka dziko lonse. Koma za pusi wa pakhonde, ambiri sadziwa n'komwe kuti kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu.

Nkhomaliro ndinadya ndi ogwira ntchito, nsima ya nyemba ndi bonongwe. Anakana kuti ndisonkheko, ati mlendo sasonkha sabata yoyamba.

Lachitatu, 20 Novembala, kuchipinda cha ana

Mvula yoyamba ikamayandikira apusi amabereka, ndiye miyezi ino ndi imene amasiye amachuluka. Andiika m'gulu lothandiza kuchipinda cha ana. Kumeneko n'kokha kumene munthu amaloledwa kugwira nyama, komabe atavala magolovesi ndi chophimba kukamwa, ndipo osayankhula.

Kamwana ka pusi kamene ndapatsidwa kanabwera sabata yatha m'katoni, apolisi atakalanda pa rodibuloko. Kulemera kwake sikufika theka la kilo, nkhope idakali yofiirira, isanade monga ya akuluakulu. Mkaka wake ndi wa m'chitini wa ana a anthu, wopimidwa bwino, wofunda pang'ono, ndipo kamayamwa maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe. Ukatha kuyamwitsa ulembe m'buku kuti kamwa wochuluka bwanji ndipo kachita chimbudzi chotani, chifukwa chimene chimapha tiana totere msanga ndi kutsegula m'mimba ndi kuzizidwa. Akapatsa chidole chaubweya chokulungidwa pa botolo la madzi ofunda kuti kazikakamira pamenepo m'malo mwa munthu.

Chovuta chinali pokabweza. Katatha kuyamwa kanagwira chala changa ndi manja onse awiri, ndipo pokachotsa kanalira mobaya mtima. Ukholo unandiuza kuti kafukate. Amayi ena amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri anandigwira paphewa natuluka nane panja.

"Achemwali, mukakakonda motero mukakaphetsa. Pusi wozolowera munthu akamasulidwa amalunjika kumudzi, kumudziko akakumana ndi agalu ndi zibonga. Ife ntchito yathu n'kukalera mpaka kapeze make wina, basi."

Anandifotokozera mmene zimayendera. Nyama iliyonse yatsopano imayamba yakhala payokha masabata angapo, dokotala wa zinyama akuiyeza chifuwa chachikulu ndi matenda ena. Kamwana kakaphunzira kuyamwa kokha pa botolo lopachikidwa, amakaika moyandikana ndi pusi wamkazi wofatsa, pakati pali waya. Wamkaziyo akayamba kukapesa ubweya kudzera m'mabowo, amatsegula kachitseko. Ena amakanyamula tsiku lomwelo, ena amakakana, ndiye ayambirenso ndi wina. Pambuyo pake mayi ndi mwana amalowetsedwa m'gulu pang'onopang'ono, chifukwa apusi ali ndi akulu ndi aang'ono awo, ndipo mlendo samulandira chabe. Gulu likakhazikika bwino m'pamene limatengedwa kukamasulidwa ku nkhalango monga ya Kasungu, ndipo anthu amalitsatira miyezi yambiri kuona ngati likudzipezera chakudya ndi kuchenjezana za kambuku ndi ziwombankhanga. Kuchokera pa katoni ya pa rodibuloko kufika pamenepo zimatenga zaka.

Ndagona konkuno, ndili pa shifiti ya usiku. Pakati pa usiku ndinamva afisi akulira kutsidya kwa Lingadzi, kwinaku malole akudutsa pa Kenyatta. Mlonda anati afisiwo ndi a mu Lilongwe momwemuno, masana amabisala, usiku n'kumayendera kotaya zinyalala. Kuchoka pogona panga kupita kwa ana ndi pafupi, koma ndinawapempha abambowo kuti azindiperekeza ndi tochi, ndipo usiku wonse sanadandaule.

Lachinayi, 21 Novembala, Kawale

Mvula yagwa m'mamawa, yoyamba yeniyeni, fungo la dothi mzinda wonse. Ndinatuluka pageti maso akupsa ndi tulo, minibasi kulibe, a njinga yamoto akuti K4,000 chifukwa cha mvula. Ndinayamba wapansi. Mayi wina wa kagalimoto kakang'ono anaima, nandifunsa kuti magambutiwa ndikuchokera nawo kuti, nandisiya pafupi ndi msika wa Kawale osatenga kalikonse, ngakhale kuti mafuta akewo anachita kugonera pa mzere.

Madzulo ndinkawauza azakhali za tiana tiwiri ta kadzidzi timene ndinationa kuchipatala cha nyama. Tinapezeka kudenga la sukulu ina, ana atayamba kale kutigenda, mphunzitsi n'kutiika m'katoni. Azakhali anasiya kusadzula nkhwani.

"Mwanawe, mpaka kadzidzi? Chimbalame choti chikalira padenga m'nyumba mumagwa maliro?"

Sindinawaseke, inenso ndinakula ndikutseka makutu kadzidzi akalira. Ndinangowauza zimene ndaona ndi kumva: chakudya chake ndi mbewa ndi makoswe, ndipo banja limodzi likamalera ana limatha makoswe ochuluka zedi, omwewo amene amaboola matumba a chimanga. Powadyetsa munthu amabisa nkhope, ndipo akatha kuuluka ndi kudzigwirira okha amawamasula kutada. Azakhali anati makoswewo ali ndi mankhwala ake. Ndinati kadzidzi akadya khoswe wa mankhwala nayenso amafa, makoswe n'kuchulukirachulukira. Anangoti "Kaya," koma patapita kanthawi anafunsa ngati tianato tikudya.

Za ngaka ndiwo anayambitsa. Anati kwawo kale munthu akapeza ngaka sankaipha, ankapita nayo kwa mfumu. Lero ndi imodzi mwa nyama zimene zikuzembetsedwa kwambiri chifukwa cha mamba ake amene amakagulitsidwa ku Asia, chikhalirecho mambawo amapangidwa ndi chinthu chomwecho chimene chimapanga zikhadabo zathu. Kuyambira 2017 malonda ake pakati pa mayiko ndi oletsedwa kotheratu. Zolanditsidwa amazisunga kumalo obisika kuopa akuba, moti ife ongothandiza sitiziona. Ngaka siidya za m'mbale. Woisamalira amayenda nayo m'tchire maola ambiri tsiku lililonse kuti izidzikumbira nyerere ndi chiswe mpaka ibwezeretse thupi. Azakhali anapukusa mutu, nati munthu wa ntchito imeneyo azimulipira bwino.

Lachisanu, 22 Novembala

Kale anthu ankabwera kuno kudzaona mikango. Panali Bella, waukazi wa diso limodzi, amene anachokera kumalo oonetsera nyama ku Romania mu 2009, ndi Simba amene anafika mu 2014 atakhala zaka m'ngolo ya munthu wa masewero a nyama ku France. Bungwe la Born Free ndi lomwe linathandiza kuibweretsa. Yonse iwiri inafa, ndipo tsopano mbali yosungira nyama siionetsedwanso kwa alendo. Anthu amayenda m'tinjira ta m'nkhalango, ana asukulu amabwera kudzaphunzira za chilengedwe. Lero ndinamva bambo wina akuuza mkazi wake kuti ankayembekeza kuona zilombo. Ndinawamvetsa, koma ine ndili mbali ya amene anatseka. Nyama yokonzekera kubwerera kutchire siyenera kuona nkhope zatsopano tsiku ndi tsiku.

Ntchitoyi imadya ndalama. Mkaka, mankhwala ogonetsa nyama, mawaya a magetsi, mafuta a galimoto yokatenga nyama yovulala kutali, malipiro a antchito, zambiri mwa izi zimachokera kwa anthu ndi mabungwe akunja, ndi kwa alendo amene amalipira kuti adzagwire ntchito yomwe ndikugwirayi. Izi zimandiwawa. Nyamazi ndi zathu, amene anazimanga zingwe ndife, koma pa ongodzipereka amene ndakumana nawo kuno Amalawi ndife ochepa. Sikuti munthu achite kupereka mamiliyoni. Mabulangete akale ndi matawulo amafunika kwa amasiye. Mwezi uno mango akuwolera pansi m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43. Ndipo ukaona wina atanyamula pusi, fulu kapena changa pamsewu, foni imodzi kwa apolisi kapena a nthambi ya nyama zakutchire imaposa thumba la kabichi.

Ndakhala ndikuganizira bambo a pa Chingeni. Pa nkhomaliro ndinawafunsa achimwene aja funso lomwelo. Nawonso ali ndi munda ku Mitundu, ndipo sanazembe.

"Akunena zoona abambowo. Nyani m'munda ndi mdani, ndipo munthu wanjala simungamuuze za chifundo. N'chifukwa chake sitimasula gulu pafupi ndi minda, timalowa nalo mkati mwenimweni mwa nkhalango. Wozolowera anthu kwambiri sitimumasula n'komwe, amakalambira konkuno."

Anawonjeza kuti zakudya zimene ndikudulazi zimagulidwa kwa alimi ndi m'misika, ndipo malipiro awo ndi amene akuphunzitsa ana. Kenako anati nkhani ya nyama ndi minda siinathe m'dziko muno. Njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022 zasautsa midzi ya m'malire a nkhalangoyo, kuno ndi ku Zambia komwe. Zonsezi sizibweza chimanga cha bambo aja, ndikudziwa. Chimene ndingawauze n'chakuti nyani wa chipsera uja sanalowepo m'munda wa munthu. Anatengedwa akuyamwa, anakulira pa chingwe, ndipo kutchire sangakhaleko. Wina ayenera kumudyetsa.

Loweruka, 23 Novembala

Kamwana kaja kayamba kuyamwa kokha pa botolo lopachika. Kakamaliza masiku ake okhala pakokha akakayesa kwa pusi wamkazi amene analerapo kale ana osakhala ake. Sindinapite kukakatsanzika, amayi aja anati ndi bwino choncho, ndipo ndinagwirizana nawo ngakhale mtima unali kukana. Ndathera tsiku kutsuka ndowa ndi kulambula udzu pansi pa mawaya a magetsi, chifukwa mvula ikagwa udzu umakula msanga n'kumaba mphamvu ya mpanda. Manja ali matuza okhaokha. Poweruka anzanga anasonkha kugula Sobo ndi mandasi, tinadya titakhala pa mawilibala.

Lamulungu, 24 Novembala, Kawale

Mafuta sanabwerebe. Mwana wa azakhali wakandigwirira malo pa basi ya masana, K28,000.

M'mawa ndinadzutsidwa ndi phokoso la ndowa. Azakhali anali atatola mango onse ogwa mu mtengo wa kuseri, ndowa ziwiri zodzaza, naitana mnyamata wa kabaza wa njinga yakapalasa amene amawanyamulira makala. Anakangana naye mtengo nthawi yaitali, iye akuti pali chitunda, iwo akuti chitundacho n'chomwe amakwera ndi makala. Anagwirizana K2,500 ulendo umodzi, Lachiwiri ndi Lachisanu mpaka mango atathe, ndalamayo ine ndizitumiza pa foni. Kenako anandiuza kuti ndilembe kapepala koti akapereke pageti, ndipo ndilembepo momveka kuti mangowo ndi a apusi amasiye, kadzidzi asalaweko. Ndinati kadzidzi sadya mango.

"Lemba basi, mwanawe."

Ndinalemba, mnyamata n'kunyamuka ndowa zitamangidwa ndi mphira kumbuyo. Ine ndikuthamangira ku depoti, akuti basi ikangodzaza siidikira ola lake.